Mkazi wa M'bwato Lachiwiri

Basi inafika mochedwa. Mvula. Sindinapite kwathu. Ndinalunjika kwa Kaputeni, chikwama kumsana, nsapato zitamwa madzi.

Dzina limeneli ndinampatsa ndine. Munthu sanaonepo nyanja yamchere. Sanakwerepo ngakhale bwato. Koma tsiku lonse amajambula sitima zankhondo zamakedzana pa kompyuta, za anthu olemba mabuku ndi osunga zinthu zakale. Iye amanditchula Namzeze. Akuti sinditera. N'zoona. Ndimagulitsa mankhwala m'mafamase, tawuni ndi tawuni. Bedi langa lenileni ndi mpando wapawindo wa basi.

Chipinda chake chili pamwamba pa sitolo ya matayala. Masitepe opapatiza. Fungo la labala. Makatani otseka masana onse, kuti dzuwa lisamenye pa sikirini.

"Wafika," anatero, osatembenuka.

"Ayi, ndikadali m'njira. Uwu ndi mzukwa."

"Uuze mzukwawo uvule nsapato."

Ndinavula. Ndinaima kumbuyo kwake. Pa sikirini panali khoma lotuwa, lodzaza timitu ta misomali.

"Ichi n'chiyani?"

"Pansi pa chumuni chachitatu."

"Sabata yatha unali pansi pa chumuni chachitatu."

"Inali mbali inayo."

Anapukusa kagudumu ka mausi. Khoma lija linayamba kuthawa. Misomali inasanduka fumbi. Kenako sitima yonse inatulukira, yaitali, yolusa. Machumuni atatu. Mizinga kutsogolo ndi kumbuyo. Zingwe zochuluka ngati za kangaude.

Zojambula zake sizili ngati chithunzi cha pafoni, chimene ukachikoka chimasweka n'kukhala timabokosi. Zake ndi mizere yokhayokha. Amati vekitala. Mzere uliwonse amaupinda yekha, mfundo ndi mfundo. Chikulitseni chifike msinkhu wa nyumba, msomali ukhalabe msomali.

Sitima iyi sinali ya ogula. Inali ya bambo anga.

Miyezi isanu yapitayo Kaputeni anabwera kwathu. Jekete yobwereka. Thukuta. Ananena kuti akufuna kundikwatira. Bambo anamufunsa ntchito. Anafotokoza. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti umajambula zidole."

"Sitima, bambo."

"Zimayenda?"

"Ayi."

"Zidole."

Kenako bambo anatuma azakhali kuchipinda. Anabwera ndi kachithunzi kakang'ono, kofiirira, kodyeka m'mbali. Munkaoneka utsi ndi mthunzi wa chinthu chachitali.

"Bambo anga ankathira malasha m'ng'anjo ya sitima iyi," anatero bambo. "Inamira pankhondo. Chithunzi chazilala. Maso anganso akuzilala. Ngati ntchito yako ndi ntchito, ndibwezere sitimayi ndiione. Ndikaiona tikamba za mwana wanga. Ndikapanda kuiona, usadzapondenso pano."

Ine popanda mawu a bambo sindikwatiwa. Ndayenda kwambiri. Ndachita zambiri zimene sazidziwa. Koma ichi chokha, ayi. Amayi anamwalira ndili pamsewu. Sindinafike. Bambo sananenepo kanthu, mpaka lero. Sindingawachitenso china.

"Kwatsala chiyani?" ndinafunsa.

"Zingwe za mlongoti wakumbuyo. Nangula. Mabwato."

"Masiku angati?"

"Masabata, Namzeze."

Ndinakhala pabedi. Mvula inkamenya malata a sitolo. Iye anabwerera ku misomali yake. Msana wake ndinkaudziwa bwino kuposa nkhope.

* * *

Kwathu ndinafika madzulo asanagwe. Bambo anali pampando wawo wa pawindo. Wailesi yotseka. Manja pamaondo.

"Achemwali, tiyi uja wapsa?" anatero.

"Ndine, bambo."

Ndinali nditaima mapazi atatu okha kuchokera pamene anakhala.

"Ndakuona," ananama. "Ndimakuyesa."

Azakhali anatulukira ndi thireyi. Ndi mlongo wawo wa bambo. Anabwera kudzakhala nafe amayi atamwalira. Maso awo ndi ena. Amalowetsa ulusi m'singano akuyankhula ndi munthu.

"Mlendo wafika," anatero. "Tikupatse chipinda cha masiku angati ulendo uno?"

"Awiri, azakhali."

"Tathokoza. Nanga mmisiri wa sitima? Yafika padoko?"

"Yatsala pang'ono."

"Ine nyumba ya njerwa ndinaiona ikumangidwa miyezi itatu. Ya anthu okhalamo."

"Musiyeni, achemwali," anatero bambo. Anasaka kapu ndi zala. Anaipeza. "Mwana wanga, ukamuuze asalakwitse mabwato."

"Mabwato?"

"Agogo ako anapulumukira m'bwato. Kumanzere, lachiwiri kuchokera kutsogolo. Masiku atatu pamadzi. Analowamo anthu khumi ndi anayi. Anatsala asanu ndi mmodzi. Akanapanda bwato limenelo, ine kulibe. Iwenso kulibe."

Nkhaniyi ndinali nditaimva kambirimbiri. Tsiku limenelo ndinaimva mwina. Ankayankhula akuyang'ana pakhoma, pambali pang'ono ndi pamene ndinali.

Azakhali ananditsatira m'kanjira ka kuzipinda.

"Dzulo anathira mchere m'tiyi," ananong'ona. "Mwezi watha ankawerenga mitu ya nkhani m'nyuzi. Pano ngakhale mitu. Mnyamata wakoyo akazengereza, adzaonetsa chithunzi kwa munthu wa mumdima."

"Akuyesetsa."

"Kuyesetsa! Mwamuna wa manja osalala. Amayi ako akanalira."

Dzina la amayi limagwira ntchito nthawi zonse. Ndinalowa kuchipinda. Ndinatseka chitseko.

* * *

Lachitatu ndinali pamsewu. Mpando wapawindo. Mnzanga wa pampando ankagona paphewa panga. Ndinatulutsa foni.

*Maso a bambo akutha. Lamlungu likubwerali tikawaonetse.*

Yankho linachedwa midzi iwiri.

*Sizingatheke. Mabwato ndi asanu ndi atatu. Lililonse masiku awiri.*

*Wajambula sitima zingati pamoyo wako?*

*Makumi atatu ndi ziwiri.*

*Zonsezo zilibe mabwato?*

*Zili nawo.*

*Ndiye tenga. Mata.*

Kachizindikiro kankaonetsa kuti akulemba. Kusiya. Kulembanso.

*Ilipo ina ya zaka zomwezo. Mabwato ake ndi a mtundu womwewo ndendende. Ndinaijambula kalekale. Koma sindikonda kubwereka. Sitima iliyonse ndi yakeyake.*

*Ukufuna sitima kapena ukufuna ine?*

*Usatero.*

*Ndatero.*

Basi inaima pamlatho. Apolisi. Tonse kutsika, zikwama kutsegula. Mphepo yozizira. Pobwerera ndinapeza uthenga.

*Chabwino. Ndamata. Kuthamanga sikufika, Namzeze.*

*Kukhala pansi n'kumene kumafika?*

Patapita nthawi anatumiza kachithunzi ka nangula. Ndiye kupepesa kwake kumeneko. Ine ndinatumiza kamtima kamodzi. Kakang'ono.

Chinatsala chimodzi. Bambo sakanaona kanthu pa sikirini. Ngakhale papepala wamba. Chithunzi chinayenera kusindikizidwa chachikulu, mamita atatu. Makina otha kutero m'tawuni mwathu ndi amodzi okha.

Ali m'manja mwa Inki.

* * *

Inki anali chibwenzi cha Kaputeni zaka zinayi. Anasiyana ine ndisanatulukire. Dzinalo n'la zala zake, zimene sizitha utoto. Wamtali. Woyenda mosafulumira. Ali ndi kachipsera kodula nsidze yakumanzere pakati penipeni. Kamamukongoletsa. N'chimene chimandiwawa.

Kaputeni anatumiza fayilo Lachisanu. Loweruka anati mutu ukumupweteka. Ndinapita ndekha.

M'shopu munali phokoso la makina ndi fungo lolasa m'mphuno. Mapepala opindidwa ataimikidwa pakona ngati nsungwi. Inki anali pakauntala, akudya chingamu.

"Asisi! Mwabwera nokha? Wojambula wathu uja ali kuti?"

"Wanga ali kunyumba."

"Mutu?"

Ndinayang'ana mapepala aja pakona.

"Mutu," anatero, n'kuseka. "Ankadwala womwewo kukakhala kokumana ndi achimwene anga. Mudziwe, mankhwala ake ndi kumusiya. Koma inu ndinu a mankhwala, mukudziwa."

"Chithunzi chatha?"

"Chatha. Ndachigwira ndekha, sindinapatse antchito. Ife tisanadinde timayang'ana paliponse. Kona ndi kona. Kukulitsa, kukulitsa. Ntchito yake ndimaidziwa, asisi. Ndimadziwa poyang'ana."

"Pali cholakwika?"

"Cholakwika?" Anatafuna pang'onopang'ono. "Kwa ine ayi. Kwa ine chili bwino kwabasi."

Chinali chitapindidwa kale, m'chubu cha katoni chotalika kuposa ine. Pakamwa pake pomata ndi tepi.

"Ndichione."

"Apa? Pafumbi pano? Ndi mvula iyi? Ayi, asisi. Chinthu chotere amatsegula kamodzi, pamaso pa mwini wake. Ndamva ndi cha madala. Akuti ndi mayeso."

"Wakuuzani ndani?"

"Tawuni ndi yaing'ono. Inu simuidziwa chifukwa simukhalamo."

Ndinanyamula chubu. Chinali chopepuka. Ndinadabwa. Miyezi isanu.

"Mumupatse moni," anatero ndili pakhomo. "Mumuuze kuti madzi saiwala khwawa."

"Khwawa louma timatayamo zinyalala."

"Eee! Pakamwa muli napo." Anawomba m'manja kamodzi. "Mayeso abwino, asisi."

M'minibasi chubu sichinakwane. Chinatulukira pawindo. Ndinachiphimba ndi juzi yanga. Ndinafika kwathu ndikunjenjemera, koma chouma.

* * *

Lamlungu masana. Mitambo yotsika. Azakhali anayatsa magetsi onse a pabalaza.

Kaputeni anafika ndi jekete yomwe ija. Anapereka moni atagwira chigongono. Bambo anangoti, "Wabwera." Tinalumikiza tebulo lodyera ndi desiki ya bambo. Tinafunyulula. M'makona tinatsindira mabuku ndi sugabeseni, kambale ka shuga.

Sitima inadzaza chipinda.

Ngakhale azakhali anaiwala pakamwa. Anangoti, "Hii."

Bambo anaimirira. Dzanja lamanja galasi lokulitsira zinthu, la chogwirira chakuda. Lamanzere tochi. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala. Anayambira kutsogolo.

Kunkamveka wotchi yapakhoma yokha.

"Nangula," anatero. Anasuntha. "Mzinga. Wina." Chala chinkatsogola, galasi pambuyo. "Chumuni. Chachiwiri. Chachitatu." Anaima. "Kachitseko aka?"

"Kotulukira othira malasha, bambo," anatero Kaputeni. "Akafuna mpweya."

"Unadziwa bwanji?"

"Ndinapeza mapulani a sitima inzake. Ndinafunsanso anthu osunga zakale. Miyezi iwiri asanayankhe."

"Mmm."

Chala chinakhala pa kachitseko kaja nthawi yaitali. Kenako chinanyamuka.

"Mabwato. Kumanzere. Loyamba." Anasuntha phazi. "Lachiwiri."

Anawerama kwambiri. Anayandikitsa tochi. Anapukuta galasi pa malaya. Anawerama kachiwiri.

"Muli munthu umu."

Ndinayang'ana Kaputeni. Poyamba nkhope yake inali yodabwa chabe. Kenako china chinamufika. Ndinachiona chikufika. Milomo inatuwa. Dzanja linagwira mpando.

"Munthu, achimwene?" anatero azakhali.

"Mkazi. Wasuzumira pansi pa lona yophimbira bwato. Wagwira kanthu kachikasu. Ambulera." Bambo anaseka. Kuseka kumene sindinakumve chimwalirireni amayi. "Ambulera pa sitima yankhondo! Mnyamata iwe!"

"Bambo, ine..."

"Khala chete." Kuseka kunatha. "Mabwato asanu ndi atatu. Wasankha limeneli. Waika mwana wanga m'bwato limene linapulumutsa bambo anga."

Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja la tochi. Kuwala kunazungulira kudenga.

"Bwera, mwana wanga. Dzadzione."

Anandipatsa galasi. Linali lofunda.

Ndinawerama. Lona yotuwa, yomangidwa ndi zingwe. Pakona yatukuka pang'ono. Pamenepo kankhope, kochepa ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Popanda galasi ukanati ndi banga. Ndi galasi zonse zinalipo. Ndolo. Tsitsi lomangidwa pamwamba. Kumwetulira kwa mbali imodzi. Mizere yakuthwa, yosasweka, monga amanyadira mwini wake.

Ndi kachipsera. Kodula nsidze yakumanzere pakati penipeni.

Ndinapitiriza kuyang'ana, chifukwa ndikanadzuka nkhope yanga ikananena.

"Ndiwe?" anafunsa bambo. "Ine ndikungoona tsitsi ndi ambulera. Wakufanizira?"

Kaputeni anandiyang'ana.

"Ndine, bambo."

"Ndione nanenso," anatero azakhali.

Anatenga galasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anadzuka. Analiika patebulo mosamala.

"Luso lilipo," anatero. Basi.

Bambo anatambasula dzanja m'malere. Kaputeni analigwira ndi manja awiri.

"Sitima ndaiona. Ndi imeneyi. Misomali sindikanaitsutsa, sindinaiwerengepo. Koma misomali si imene yandigonjetsa." Anagwedeza dzanja lija. "Munthu woganiza kuika mkazi wake pamalo opulumukira, ameneyo ndi mwamuna. Ndinakunyoza. Kauze makolo ako abwere tidziwane. Mwanayu ndakupatsa."

Mawu amene ndinawadikira miyezi isanu. Anagwa ngati mwala m'chitsime chouma.

* * *

Kuseri kwa nyumba kuli thanki ya madzi ndi chingwe choyanikira. Mvula inali itasanduka mawawa. Ndinatsogola. Ananditsatira.

"Namzeze."

"Usanditchule."

"Ndi bwato lakale. Lija unandiuza kuti ndimate."

"Ndiye ndalakwa ine."

"Sindinatero. Mvera. Sitima imene ija ndinaijambula tili limodzi ndi Inki. Zaka zisanu zapitazo. Anali masewera. Ndinamubisa pansi pa lona, ndinati apeze yekha. Pa sikirini ndi kochepa kuposa mchenga. Kali m'kati mwa gulu la mizere, m'kati mwa gulu lina. Ndinatenga bwato lonse, ndinamata. Sindinatsegule."

"Iwe? Wosatsegula?"

"Nthawi inalibe."

"Umawerenga misomali ya pansi pa chumuni. Mbali zonse ziwiri. Sabata ziwiri. Ndiye nkhope ya munthu unaiwala?"

"Ndinaiwala."

"Nanga bwanji lachiwiri? Mabwato asanu ndi atatu."

"Ndinawamata m'ndondomeko yake. Mmene analili ku sitima inayo. Linagwera pamenepo lokha."

"Lokha."

"Ndikulumbira."

Mwina ankanena zoona. Nkhope yake pabalaza paja sinali ya munthu wokonzekera. Koma choonadi sichinandithandize. Madzi ankadontha pa thanki. Dontho. Dontho.

"Iye anaona," ndinatero. "Dzulo. Anandiseka m'maso. Ndinanyamula nkhope yake m'minibasi, ndinaiphimba ndi juzi yanga kuti isanyowe."

Anatseka maso.

"Ukanapita wekha, akanakuuza. Kapena ukanafunyulula pomwepo. Koma mutu."

"Ndinkaopa kuti ukhumudwa ndikapita."

"Taona mmene ndasangalalira."

Anafuna kundigwira dzanja. Ndinaliika m'thumba.

"Ndikonza," anatero. "Ndi mphindi imodzi. Kusankha, kufufuta."

"Ufufute? Bambo alira chifukwa cha mkazi ameneyo. Akupatsa ine chifukwa cha mkazi ameneyo. Ufufute, uwauze kuti ndagwera m'madzi?"

"Ndiye ndijambula iwe. Ndisinthe nkhope."

"Usindikize kuti?"

Makina ndi amodzi.

Ndinayang'ana chingwe choyanikira. Panali sokosi imodzi ya bambo, yoiwalika, yonyowa.

"Zaka ziwiri tili limodzi," ndinatero. "Sunandijambulepo. Ngakhale papepala la shuga."

"Ndinayesa."

"Liti?"

"Kangapo. Mafayilo alipo. Onse osatha." Ankayang'ana nsapato zake. "Iye ankakhala pampando paja tsiku lonse, akudya chingamu. Ndinkangotembenuka. Iwe umafika Lachisanu, Lamlungu wapita. Ndikayamba diso, uli pa basi. Ukabwera, tsitsi lasintha. Sindijambula chinthu chimene sindinachiyang'anitsitse. Sinditha."

"Sitima unaiyang'anitsitsa kuti? Inamira agogo anga asanakwatire."

"Sitima siyenda, Namzeze. Imandidikira."

Ndikanakonda akanandinyoza. Ndikanadziwa choyankha.

"Pita kwanu," ndinatero.

"Nditsanzike kaye."

"Tsanzika. Umwetulire. Ndiwe mkamwini tsopano."

* * *

Azakhali anali kukhitchini, akutsuka makapu. Sanatembenuke.

"Tenga kansalu, upukute."

Ndinatenga. Kapu yoyamba. Yachiwiri.

"Iwe ndinakusambitsa uli ndi masiku anayi," anatero. "Amayi ako ankaopa kukugwira, unali ngati kambewa. Thupi lako ndimalidziwa. Chipsera uli nacho pabondo, cha njinga. China kuphazi, cha botolo."

Madzi ankagwera mu sinki.

"Nsidze zako zonse n'zathunthu."

Kapu inanditerera. Ndinaigwira isanafike pansi.

"Ndi ndani?"

"Wakale."

"Wakale." Anatseka mpopi. "Zakale amaika m'bokosi, mwana iwe. Saika m'bwato la agogo ako."

"Inali ngozi, azakhali. Ndine ndinamufulumizitsa."

"Wayamba kale kumuikira kumbuyo. Ukwati usanayambe." Anapukuta manja pa epuloni, chala chimodzichimodzi. "Bambo ako sananamizidwepo m'nyumba muno. Ngakhale matenda a amayi ako, dokotala anati tiwabisire, ine ndinawauza. Lero iwe mwana wawo wawayang'ana, wawauza kuti ndine."

"Munafuna nditani? Munawaona. Anaseka."

"Ndinawaona."

"Muwauza?"

Anandiyang'ana. Maso aja a singano. Koma munalibe ukali. Munali kutopa.

"Ine sindiulula za eni. Bodza ndi lako. Ulisenze wekha. Koma usandipemphe kuti ndikuthandize kulinyamula."

"Achemwali!" Anali bambo, kuchokera pabalaza. "Mwana wanga! Bwerani nonse. Mkamwini asanapite."

Tinawapeza ataima pa tebulo, chala chili pa bwato lachiwiri. Kaputeni anali pakhomo, chipewa m'manja, ngati munthu wodikira chigamulo.

"Ndaganiza," anatero bambo. "Opaleshoni ija."

Ine ndi azakhali tinayang'anana. Zaka ziwiri tinkawachonderera. Dokotala ankati ndi ng'ala chabe, ntchito ya ola limodzi, diso limayera ngati la mwana. Bambo ankakana. Ankati mpeni sulowa m'diso mwawo. Ankati zoti aone anaziona kale. Tinalira, tinakalipa, tinatopa. Tinasiya kuitchula.

"Ndinkati kulibe chotsala choti ndione," anatero. "Ndinalakwa. Mawa m'mawa mukandilembetse. Auzeni tsiku lililonse limene ali nalo, ndabwera."

"Achimwene!" Azakhali anagwira pachifuwa. Misozi yawo inali yeniyeni.

"Sitimayi ndaiona ngati munthu wosuzumira pa kiyi. Kachidutswa, kachidutswa. Ndikufuna ndiione yonse kamodzi. Ndi mwana wanga m'bwatomu. Ndaona tsitsi ndi ambulera. Ndikufuna nkhope."

Chipewa cha Kaputeni chinagwa. Anachitola.

"Bambo," anatero, "mwina ndichitenge kaye. Ndikachiike m'felemu. Chingaonongeke."

"Ayi. Chalowa m'nyumba muno, sichitulukanso. Felemu idzachipeza. Achemwali, chipindeni bwinobwino, muchiike m'kabati ya kuchipinda kwanga. Palibe wochikhudza mpaka atandimasula nsalu kumaso."

Azakhali anachotsa sugabeseni pakona. Anachotsa mabuku. Anayamba kupinda, pang'onopang'ono, kuchokera kutsogolo. Nangula analowa. Mizinga. Chumuni choyamba. Mabwato.

"Kiyi ndisunga ine, achimwene," anatero, osandiyang'ana.

Bambo anatambasula manja. Ndinapita. Anandigwira nkhope, zala zikuyenda pamasaya, pamphumi, pansidze.

"Ukunjenjemera," anatero. "Wakondwa, mwana wanga?"

"Ndakondwa, bambo."

Bodza lachiwiri. Linatuluka mosavuta kuposa loyamba.